Duku limene anandimanga alamu

Linali Lachiwiri, 10 koloko ya m'mawa itangodutsa, pamene foni inalira m'thumba la yunifolomu yanga. Ndinali m'chipinda chochapira kunyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, mu London, ndikupinda nsalu zoyala pabedi. Mzungu amene sindinkamudziwa anati amuna anga agwa pamalo amene ankamanga nyumba ndipo ambulansi yawatenga. Nditafika kuchipatala ndinapeza atapita kale. Unali mtima.

Amuna anga anabadwa Msilamu ku Machinga, dzina lawo Saidi. Atandikwatira analowa mpingo wathu n'kubatizidwa kukhala a Samson. Mchemwali wawo wamkulu, a Asiyatu, anakhalabe m'Chisilamu, ndipo amakhala ku Romford, mbali ina ya London, komwe amagwira ntchito kuchipatala. Madzulo a tsiku lomwelo alamu angawa anafika kunyumba. Tinalira limodzi. Kenako anatulutsa duku lakuda m'chikwama n'kundimanga kumutu ndi manja awo. Kwathu zimatero. Wakuchimuna ndiye amamanga namfedwa duku, ndipo yemweyo ndiye amadzamasula chaka chikatha.

Anabweretsanso nsalu yoyera yatsopano, sanda yokulungira maliro. Ankafuna kuti mchimwene wawo aikidwe mawa lake, mwa Chisilamu. Ine ndinati madokotala sanatipatse thupi, mwana wathu Tamanda ali ku Lilongwe akufunafuna ndege, ndiponso a Samson anali mkulu wa mpingo.

"Ndiye Saidi agone mufiriji ngati nsomba?" anatero alamu.

Anaisiya nsaluyo pampando n'kutuluka. Tinaika maliro patapita masabata atatu, m'bokosi, atavala suti. Alamu anaima patali kumanda kuja, ndipo kuyambira tsikulo foni yanga sanayankhenso.

Chaka chinatha duku likadali kumutu. Ndinkalichapa madzulo, m'mawa n'kulimanganso. Amayi a kumpingo ankandiuza kuti, "Mayi a Tamanda, kuno ndi ku London. Vulani nokha, palibe akuwerengerani." Abusa anati andipempherera n'kulichotsa iwo. Ndinawathokoza, koma ndinakana. Duku silinali la abusa. Ndikanavula ndekha, ndiye kuti ndadzichotsa ndekha kubanja la amuna anga, ndipo Tamanda akanatsala wopanda azakhali.

Panali ulendo umene a Samson analipiriratu asanamwalire. Mnzawo wina wa kuntchito, wa ku Jordan, anawaonetsa pafoni chithunzi cha kanyumba kakale ka m'chipululu cha kwawo, kotchedwa Amra, kamene anamangitsa mwana wa mfumu ya Chisilamu. Kudenga kwake anajambulako amisiri amene anamanga. A Samson sanaiwale zimenezo. "Iwe, ndamanga nyumba zingati muno mu London? Ndani anandijambula? Koma uko mfumu inajambulitsa omanga. Mmodzi ndi bambo anga enieni, kuwerama kwake komweko." Kampani ya maulendo inavomera kusuntha tsiku ndi kusintha dzina pa tiketi yawo. Tamanda ndiye anachita za pakompyuta zonse asanabwerere ku Lilongwe.

Ndinapita ku Romford kukagogoda. Alamu anatsegula koma sanandiuze kuti ndilowe.

"Sindinabwere kudzakangana, alamu. Tiketi ya achimwene anu ilipo. Tiyeni tikaone zimene ankafuna kuona."

"Munamuika nokha. Pitaninso nokha."

"Ndipita. Koma mpando wawo ndi wanu."

Anatseka chitseko. Patapita masiku, chithunzi cha pasipoti yawo chinalowa pafoni yanga, popanda ngakhale moni.

Tsiku la ulendo ndinakwera sitima pa Edmonton Green mpaka ku Liverpool Street. Sitima yochokera ku Romford kupita kubwalo la ndege la Heathrow imadutsa pamenepo, choncho ndinaima papulatifomu ndi sutikesi yanga n'kumayang'ana m'mawindo. Yoyamba inadutsa, alamu mulibe. Yachiwiri, mulibe. Mnyamata wa yunifolomu anandifunsa ngati ndasochera, ndinati ayi, ndikudikira munthu. Mu yachitatu ndinaona mpango wobiriwira. Ndinalowa n'kukhala moyang'anana nawo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuyang'ana pawindo, ngakhale kunja kunali mdima wa pansi pa nthaka.

Pa Heathrow ndinalakwitsa. Sutikesi yaikulu ndinapereka bwinobwino, koma m'chikwama cha m'manja ndinali nditaika mpeni womangira wa a Samson, uja wopakira matope pa njerwa. Ndinkafuna ukafike kumene mwini wake sanafike, ndipo sindinafune kuti ukhale pansi pa ndege pamodzi ndi katundu wa anthu. Chikwama chitadutsa pamakina, mayi wa chitetezo anachipatula, anavala magolovesi, n'kuutulutsa ataugwira ndi zala ziwiri. Anati chitsulo chosongoka chotere sichilowa m'ndege. Ndiusiye pomwepo, kapena ndibwerere pansi ndikaupereke ngati katundu.

Chingerezi chinandithera. Ndinangoti, "Ndi wa amuna anga," mobwerezabwereza, anthu kumbuyo akudandaula.

Alamu anali atadutsa kale, akuvala nsapato. Anabwerera. Sanayang'ane ine, anayang'ana chogwirira cha mpeniwo, chimene a Samson anakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga.

"Kamangidwe aka ndi ka bambo athu," anatero motsitsa mawu.

Anaulanda, anauika m'kasutikesi kawo kakang'ono, n'kuuza mayi uja kuti awatulutse. Ndinawadikira pageti mpaka anthu onse atakwera. Anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu, nsapato imodzi yosamanga.

"Zikomo, alamu."

"Munthu wamkulu kunyamula chitsulo m'ndege! Mumati mukamanga chiyani m'mwambamo?"

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene anandilankhula chaka chonse. Ndinawalandira.

M'ndege anagona, kapena ananamizira. Ku Amman, likulu la Jordan, tinaima pamzere wautali wa viza, kenako galimoto inatitengera kuhotela yaing'ono ya pamtunda. Chipinda chinali chimodzi, mabedi awiri. Iwo anayala kamkeka kawo n'kuswali, ine ndinagwada mbali ina ya bedi. Aliyense anamaliza zake n'kugona.

M'mawa minibasi yoyera inabwera kudzatitenga. Wotitsogolera anali bambo wa imvi dzina lake Faris, wolankhula Chingerezi mofulumira moti ndinkangotolako pang'ono. Munalinso mzungu wachikulire wa ku Leeds wokhala ndi kamera yaikulu, ndi atsikana awiri a ku Philippines, manesi amene anali patchuthi. Faris anati tiyamba ndi linga la Azraq, lomwe ndi lakutali kwambiri, kenako pobwerera tiima pa Amra.

Anandiyang'ana n'kufunsa kuti jekete langa lili kuti. Ine ndinali nditalisiya kuhotela. Unali mwezi wa Januwale, koma ndinkadziwa kuti chipululu ndi malo otentha, Baibulo limatero. Ndinavala bulauzi yopyapyala ndi chitenje.

Tinatuluka mumzinda pang'onopang'ono chifukwa cha magalimoto. Nyumba zitatha kunatsala miyala yakuda ili mbwee mpaka kumene maso alekezera, ndi malole akuluakulu opita kumalire. Zikwangwani zinkaloza ku Iraq ndi ku Saudi Arabia. Tinaima pakashopu ka m'mbali mwa msewu kuti timwe tiyi, ndipo nditangotsika mphepo inandilowa mpaka m'mafupa. Ya ku Dedza ndi yabwino. Ndinagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri, mano akugundana.

"Mumati tikupita ku Nsanje?" anatero alamu. Iwo anali ndi jekete lalitali ndi mipango iwiri.

Ndinapereka ndalama ya pepala kwa mwini shopu osadziwa kukula kwake, iye n'kundibwezera chenje chodzaza dzanja. Ndinagulanso botolo lalikulu la madzi.

Linga la Azraq ndi la miyala yakuda yokhayokha. Chitseko chake ndi mwala umodzi, koma Faris anatiuza kuti tikankhe, ndipo chinatseguka. Pakati pa bwalo pali kamzikiti kakang'ono. Alamu anavula nsapato n'kulowa, ine ndinatsala panja n'kumayendetsa chala pamene miyala yakumana, monga ankachitira a Samson pakhoma lililonse lachilendo. Anthu ankawaseka pa basi akamaweruza makoma a eni ake. Koma mtima wanga sunali pa Azraq. Ndinafunsa Faris kawiri kuti ku Amra tifika nthawi yanji, iye n'kumati, "Tikadya, amayi, tikadya."

Tinadya mpunga ndi nkhuku pamalo ena pafupi, ndipo mzungu wa ku Leeds anatichedwetsa pojambula mbale iliyonse. Titanyamuka sitinapite patali. Kunamveka phokoso pansi pa mpando wa dalaivala, kenako fungo la mphira yopsa. Minibasi inaima m'mbali mwa msewu. Lamba wa injini anali ataduka, ndipo wina panalibe.

Dalaivala anaimba foni akukuwa. Faris anati galimoto ina ichokera ku Amman, tidikire, ndipo madzi akumwa tisamale chifukwa sakudziwa kuti ifika liti. Malole ankadutsa n'kumagwedeza minibasi yathu. Atsikana aja anagawa mabisiketi n'kumaonera mavidiyo pafoni. Mzungu uja ankayendayenda panja akunena kuti akafika kwawo akalemba madandaulo. Ine ndinkayang'ana dzuwa, chifukwa Faris anali atanena kuti nyengo yozizira geti la ku Amra amatseka msanga.

Nthawi yoswali itakwana alamu anatsika ndi kamkeka kawo. Ndinawatsatira ndi botolo langa.

"Madzi awa, musambe m'manja."

"Sungani, mwamva zimene wanena uja. Madzi akachepa timagwiritsa ntchito dothi."

Anamenya manja pansi pang'ono, n'kudzipukuta kumaso ndi m'manja. Koma mkeka sunkakhazikika, mphepo inkaupinda. Ndinatsindira makona ndi miyala, kenako ndinamasula chitenje changa, ndinaima kumene mphepo inkachokera n'kuchitambasula ndi manja awiri. Ndinatsala ndi bulauzi ndi siketi basi. Manja anachita dzanzi, koma sindinatsitse mpaka anamaliza.

Sanadzuke. Anakhala pamkekapo akuyang'ana miyala.

"Nsalu yanga ija munaitaya kuti?"

"Nsalu iti, alamu?"

"Musandifunse kuti iti."

"Sindinataye. Ali nayo."

Anatembenuka. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Ali nayo ndani?"

"Achimwene anu. Ndinaisita n'kupita nayo kwa okonza maliro bokosi lisanatsekedwe. Ndinawafunditsa kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kamangidwe kake ka Chisilamu sindikadziwa, ndiye ndinangolowetsa m'mbali ngati mmene ndimayalira okalamba kuntchito."

"Bwanji simunanene?"

"Foni simunkayankha. Komanso ndinkaopa kuti munena kuti ndaidetsa. Inali pamwamba pa suti."

"Pamwamba pa suti?"

"Eya."

"Ndi tayi yomwe?"

"Ndi tayi yomwe. Yofiira ija ya paukwati wa mwana wanu."

Anatulutsa mawu amene sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira. Anagwira pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi anati, "Amayi akumwalira anandigwira dzanja. Anati, Saidi wapita kutchalitchi, musiyeni, koma tsiku lake likadzafika asadzapite wopanda nsalu. Ine ndinavomera. Chaka chonsechi ndakhala ndikuwalota amayi akundifunsa."

Anapinda mkeka, anavula jekete lawo n'kundiponyera. "Valani, mungatifere pano n'kutipatsa ntchito ina." Za duku sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse. Namfedwa sapempha kumasulidwa.

Galimoto ina inafika dzuwa litapendeka kwambiri. Faris anawomba m'manja n'kunena kuti pepani nonse, nthawi yatha, tibwerera molunjika ku Amman ndipo kampani ibweza gawo la ndalama. Mzungu uja anati bola, wazizidwa mokwanira. Onse anakwera. Ine ndinaima pakhomo la galimoto ndi chikwama changa.

"Amra," ndinatero.

"Amayi, akhala akutseka."

"Msewu udutsa pomwepo. Mwanena nokha m'mawa. Ndikaona ngakhale geti."

Anayamba kufotokoza zambiri, dalaivala akuliza hutala. Phazi langa silinasunthe. Sindinakuwe. Ndinangobwereza kuti ndalama sindikuzifuna, ndikufuna Amra. Pamenepo alamu anatsikanso. Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa mpeni womangira uja, chifukwa kuyambira pa Heathrow anali asanandibwezere. Anamuonetsa Faris n'kulankhula naye Chingerezi chawo cha kuchipatala, chosathamanga. Ndinamva akuti, "Uyu ndi mkazi wa mchimwene wanga. Mchimwene wanga anali womanga, ndipo anamwalira asanafike kuno." Faris anayang'ana mpeniwo, anayang'ana duku langa, kenako anatulutsa foni n'kuimbira mlonda wa pageti. Anakambirana kwa nthawi ndithu. Atamaliza anati, "Kwerani. Atidikira, koma pang'ono pokha."

Amra ndi kanyumba kakang'ono. Holo ya mpingo wathu ku Edmonton ndi yaikulu. Kali pakokha m'chigwa, ka mtundu wa dothi, denga lake lozungulira ngati mabuledi atatu ogundana. Faris anati inali nyumba yosambira ndi yopumulirako. Mkati makoma onse ndi zithunzi, nyama, osaka, akazi akusamba, moti alamu anati, "Mfumu yake inali ya Chisilamu imeneyi?" Atsikana aja anaseka. Ine ndinafunsa kumene kuli omanga, ndipo mlonda analoza kudenga la mbali imodzi ndi tochi.

Analipo. Denga analigawa timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse muli munthu ali pantchito. Wina akusema mwala, wina akupala thabwa, awiri anyamula katundu, wina akukweza miyala pa ngamira. Utoto unafufuka, ena nkhope zinachoka, koma manja akuoneka. Ndinayang'ana mpaka khosi linawawa, kufunafuna amene a Samson ankanena. Ndinamupeza chakumapeto, munthu wowerama, chida chili m'manja, mutu uli pa ntchito yake.

"Alamu, uyo. Ankati ameneyo ndi bambo anu."

Anayang'ana nthawi yaitali, mpeni uli m'manja.

"Bambo anali owonda kuposa uyu."

"Kaya, ine sindinawaone."

"Koma msana ndi womwewo," anatero. "Saidi amaona bwino."

Mlonda anayamba kugwedeza makiyi. Tinatuluka. Panja pali chitsime chakale chakuya, chotchingidwa, ndi mtengo umene nyama inkazungulira potunga madzi. Ena anali akupita kugalimoto. Alamu anandigwira mkono.

"Khalani pansi apa."

Ndinakhala pamwala pafupi ndi chitsimecho.

"Botolo lija lili kuti?"

Ndinawapatsa. Munali madzi osakwana theka. Anaima kumbuyo kwanga ndipo ndinamva zala zawo pa mfundo ya duku. Inali yolimba poti chifukwa cha mphepo ndinali nditaimanga kawiri, ndiye anachita kuimasula ndi mano. Duku litachoka, mphepo inandiwomba m'mutu koyamba panja chimwalirireni a Samson. Anathira madzi m'dzanja lawo n'kundisambitsa kumutu, kumaso ndi m'khosi. Madziwo anali ozizira ngati a mufiriji, ndipo ndinalira mokweza osasamala kuti mzungu wa kamera akuona. Iye anatembenuka n'kuyang'ana kwina.

"Zimenezi zimafuna ankhoswe ndi anthu, koma amene alipo ndine," anatero alamu. "Akumudzi ndiwauza pafoni. Mayi a Tamanda, mwamulira mchimwene wanga mokwanira. Munamusunga ali moyo, munamufunditsa atafa. Takumasulani. Kwathu mulibe mlandu, ndipo pakhomo pathu ndi panu."

Anachotsa mpango wawo wachiwiri, wobiriwira uja, n'kundimanga. Duku lakuda analipinda n'kuika m'chikwama chawo, anati akaliwotcha okha ku Romford.

Pobwerera tinadutsa linga lina lalikulu lamakona anayi, lotchedwa Kharana, koma tinangolionera pawindo dzuwa likulowa. Faris ankafotokoza mbiri yake, ine sindinamve. Alamu anali akundiuza kuti mpango ndaumanga ngati wogulitsa tomato, ndipo ndidzawabwezere ndikauchapa.

Sindinawabwezere, ndipo sanaufunsenso. Ndinabwerera kuntchito yanga yochapa ku Edmonton. Loweruka loyamba la mwezi ndimakumana ndi alamu pa Liverpool Street n'kupita limodzi kumanda. Iwo amapemphera mwawo, ine mwanga, kenako timazula udzu pamanda a a Samson ndi mpeni wawo womangira.